Oyilo wa galimoto yakale: 20W-50, wa dizilo, SAE 40 kapena synthetic?

Ine ndimayendetsa Peugeot 504 ya siteshoni wagoni, ya petulo, injini ya 1971 cc, imene anandisiyira malume anga. Galimoto imeneyi inatinyamula tonse pa maukwati ndi pa maliro, chimanga cha kumudzi chimabwera mtauni pa iyo yomweyi, ndiye kwa ine si chitsulo wamba ayi, ndimaisamala ngati munthu wachikulire wa pakhomo. Vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti ukafika pogula oyilo, mnyamata wogulitsa amathamangira kukutengera 5W-30 wa synthetic, amati "uyu ndiye wabwino bwana, aliyense akugula ameneyu". Sakunama, chifukwa magalimoto odzaza mumsewu pano ndi ma Vitz, ma Passo, ma Sienta aja olowera ku Dar es Salaam, ndipo amenewo amafunadi oyilo wamadzimadzi. Koma 504, Land Rover Series III, Datsun 1200, Nissan 1400, VW Beetle, izi ndi nkhani ina, ndipo ukangotengera zimene anzako akugula ukhoza kupha injini imene yapirira zaka 40.

Kuti zimene ndinene kutsogoloku zimveke, tiyambe ndi chimene chimasiyanitsa injini yakale ndi ya masiku ano. Choyamba ndi mipata. Injini za m'ma 1960 ndi 1970 anazipanga ndi mipata yokulirapo pakati pa kulankishafuti ndi mabeyaling'i, ndiye onjezerani makilomita onse amene yayenda kuchokera nthawi imeneyo, mipata ija yakula. Oyilo wamadzimadzi kwambiri amangodutsa pamenepo fyuu, puresha n'kutsika, kanyale kofiira kaja n'kuyamba kuphethira injini ikatentha muli pa aidolo. Chachiwiri ndi matapeti. Pa 504 ndi pa Datsun ya A12 ndi A14, kamushafuti imakankha tapeti ya mutu wophwatalala, chitsulo chimakhula chitsulo chinzake ndi mphamvu yaikulu pa kamalo kakang'ono kwambiri. Injini zambiri zatsopano zinaikapo kagudumu pamenepo koma zambiri mwa zathuzi zilibe. Chimene chimateteza malo amenewa ndi mankhwala a zinc ndi phosphorus amene amawatchula kuti ZDDP, amakhala mu oyilo momwemo, akatentha amapanga kachikhungu kopyapyala pamwamba pa chitsulo. Chachitatu ndi kabureta ndi choko. M'mawa mukakoka choko, petulo wina samapsa, amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kukasakanikirana ndi oyilo mu sampu. Ndipo chachinayi ndi magasiketi a koko (cork) ndi masilo akale, amene ena mwa iwo akutseka lero chifukwa chakuti litsiro linaumirapo basi.

Manambala aja a pachigubu si ovuta. Pa 20W-50, nambala yoyamba yokhala ndi W ikunena mmene oyiloyo amayendera kukazizira, W ameneyo akuimira winter, nyengo yozizira. Ikachepa ndiye kuti oyilo amathamanga msanga m'mawa. Yachiwiri ikunena kulimba kwake injini ikatentha, amayeza pa madigiri 100. Ikakula ndiye kuti oyilo amakhalabe ndi thupi olo kutenthe. Tiziti ngati phala: lina lamadzimadzi, lina lolimba loti supuni n'kuima. Kenako pali zilembo za API, zimene zimasonyeza mulingo wa oyiloyo, S ndi ya injini za petulo, C ndi ya dizilo. SL inabwera mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, amaganiza kuti chilembo chatsopano ndiye chabwino pa galimoto iliyonse. Kuyambira pa SM, ma oyilo opyapyala aja monga 5W-20, 5W-30 ndi 10W-30 anawaikira malire akuti phosphorus asapitirire 800 ppm (ndiye kuti magawo 800 pa miliyoni imodzi), chifukwa phosphorus amaononga catalytic converter, kachipangizo ka mu ekizozi koyeretsa utsi, ka magalimoto atsopano. Galimoto yathu catalytic converter ilibe, koma matapeti ofuna zinc ili nawo. Oyilo opangidwira magalimoto akale nthawi zambiri amakhala pakati pa 1200 ndi 1400 ppm.

Tsopano tiyeni tione njira zimene zilipo.

Njira yoyamba, imene ine ndimagwiritsa ntchito ndipo ndimauza aliyense wondifunsa, ndi 20W-50 wa mineral, wamba uja. Castrol GTX 20W-50, Shell Helix HX3 20W-50, Total Quartz wa 20W-50, ndi ena otero. Ubwino wake woyamba ndi wakuti ndi oyilo amene injini zambiri za nthawi imeneyo zinazolowera, Land Rover za Series ndi Mini yakale ija eni ake mpaka lero amathira 20W-50. Malire a 800 ppm aja sakhudza giredi imeneyi, ndiye kampani ili ndi ufulu woikamo zinc wokwanira, ngakhale si onse amaika wofanana, ndiye ngati muli ndi bandulo sakani pepala la data sheet la oyilo ameneyo pa intaneti muone nambala ya zinc kapena phosphorus, n'zamphindi zochepa. Chachiwiri ndi kutentha kwa kwathu kuno. Amene anakwerapo phiri la kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mwezi wa Okutobala, galimoto itadzaza, giya yachiwiri, dzuwa likuswa mtengo, akudziwa zimene injini imaona. Chimodzimodzi Chiweta, kapena Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti. Pamalo ngati amenewa mumafuna oyilo amene sasungunuka n'kukhala ngati madzi, ndipo 50 uja ndiye ntchito yake imeneyo. Chachitatu amapezeka paliponse, olo pa boma laling'ono, ndiye mukafuna kuonjezera panjira simuvutika. Kuipa kwake, m'mawa wa Juni kapena Julaye ku Dedza kapena ku Mzuzu amachedwa pang'ono kufika kumutu kwa injini, mumva matapeti akulira tetete kwa kanthawi. Mankhwala ake ndi kusaponda moto galimoto ikangolira, ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri kenako nyamukani pang'onopang'ono. Komanso amakalamba msanga kusiyana ndi synthetic, koma poti ife timasintha pafupipafupi, zimenezo sizitikhudza kwenikweni.

Njira yachiwiri ndi oyilo wa dizilo wa 15W-40, monga Shell Rimula, Total Rubia kapena Delo. Amakaniko ambiri achikulire amakonda ameneyu ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Oyilo wa mathiraki amakhala ndi zinc wochulukirapo, wa CI-4 uja makamaka, ndipo ngakhale CJ-4 amene anabwera mu 2006 malire ake a phosphorus ndi 1200 ppm, apamwamba kuposa a magalimoto ang'ono atsopano. Ngati galimoto yanu yakale ndi ya dizilo, kaya Mercedes W123 ya 240D, kaya 504 ya dizilo, kaya Land Rover ya 2.25 dizilo, apa palibe zokambirana, thirani 15W-40 wa dizilo basi, chifukwa anamupanga kuti azinyamula mwaye umene dizilo amatulutsa. Pa injini ya petulo amagwiranso bwino, bola pachigubu pakhale zilembo zonse ziwiri, monga CI-4/SL, ndipo injiniyo ikhale yoti sinathe kwambiri, mwina inachitidwa ovaholo posachedwa ndipo puresha ili bwino. Chimene muyenera kudziwa ndi chakuti oyilo ameneyu ali ndi sopo wambiri, amatsuka kwambiri. Mu injini yoyera zimenezo n'zabwino. Koma mu injini imene yakhala zaka ikumwa oyilo wotchipa osasinthidwa, amasuntha litsiro lambiri nthawi imodzi, fyuluta n'kudzaza msanga, pena kasefa ka pampu ya oyilo n'kutsekeka. Ndiye mukasamukira kwa iye, kusintha koyamba kuchitike msanga, pa makilomita 1000 kapena 1500, pamodzi ndi fyuluta. Ine ndinamuyesapo mu 504 kwa chaka chimodzi, imayenda bwinobwino, koma ndinaona kuti ndikamabwera ku Salima nyengo yotentha dipusitiki imatsika msanga kusiyana ndi kale, ndiye ndinabwerera ku 20W-50.

Njira yachitatu ndi SAE 40 wa giredi imodzi, wopanda nambala ya W ija, amene ena amangoti "fote". Uyu ndi amene akuluakulu athu ankathira, mabuku ena akale amamutchuladi, 30 nyengo yozizira, 40 nyengo yotentha. Ndi wotchipa, akatentha amalimba bwino. Koma m'mawa amakhala ngati uchi wa m'botolo lozizira, amachedwa kukwera, ndipo injini imadyeka kwambiri pa masekondi oyambirira amenewo pamene oyilo sanafike paliponse. Vuto lina ndi lakuti ma SAE 40 ambiri otchipa amakhala a giredi yotsika kwambiri, ena alibe n'komwe sopo kapena zinc, mukaona pachigubu palembedwa API SA kapena SB, kapena palibe chilembo chilichonse, musiyeni pa shelefu, si wa galimoto yanu. Oyilo wopanda sopo ali ndi malo ake, mu injini zakale kwambiri zopanda fyuluta zimene sizinatsegulidwepo, kumene amafuna litsiro lizikhala pansi pa sampu m'malo moyendayenda. Koma galimoto ya m'ma 1970 yokhala ndi fyuluta imafuna litsiro lizinyamulidwa kupita ku fyulutako. Kwa ine SAE 40 ndi wa tsiku la mavuto, muli kutali ndipo palibe wina, ndi bwino kuthira iye kusiyana n'kuyenda oyilo ali pansi pa mzere.

Njira yachinayi ndi synthetic. Apa ndilankhule mosamala chifukwa pali bodza limene limayenda, lakuti synthetic amadya masilo. Synthetic wa masiku ano sadya silo. Chimene chimachitika ndi chakuti amatsuka litsiro lija limene limatseka ming'alu pa gasiketi yokalamba, komanso ambiri amene amagulitsidwa ndi opyapyala, ndiye amapeza njira pamene wolimba uja amalephera kudutsa. Mawa lake mupeza madontho pansi pa galimoto, pa silo ya kumbuyo kwa kulankishafuti, pa kava ya matapeti, pa sampu. Synthetic payekha ndi oyilo wabwino kwambiri, amapirira kutentha, sapanga matope, amathamanga m'mawa. Ngati injini yanu inamangidwanso yonse, masilo atsopano, magasiketi atsopano, ndipo mwapeza synthetic wa giredi yoyenera monga 15W-50 kapena 10W-40 wokhala ndi zinc wokwanira, thirani, palibe cholakwika. Koma taganizirani za ndalama. Phindu lalikulu la synthetic ndi lakuti amakhalitsa, makilomita 10,000 kapena kuposa. Pa galimoto ya kabureta simungamusiye nthawi yonseyo, chifukwa petulo uja wolowa mu sampu sasankha kuti uyu ndi wodula kapena wotchipa, fumbi la msewu wa kumudzi nalonso silisankha. Ndiye mulipira kawiri kapena katatu kenako mumukhuthula pa 5000 ali ndi mphamvu zake. Ndipo 0W-20 kapena 5W-30 wa ma Vitz uja musayerekeze n'komwe, pali zifukwa ziwiri zomukanira, ndi wopyapyala ndipo zinc ndi wochepa.

Pali njira yachisanu, ma oyilo amene amalembedwa kuti classic kapena racing, monga Castrol Classic XL 20W-50, Millers, Penrite, kapena Valvoline VR1. Awa anawapangira dala injini ngati zathuzi, zinc wake amamulemba poyera. Amene muli ku Joni, ku Cape Town kapena ku UK mukhoza kuwapeza mosavuta, ndipo ngati mwangoika kamushafuti yatsopano ndi matapeti atsopano ndingakulimbikitseni kwambiri, chifukwa makilomita oyambirira aja ndi pamene kamushafuti imafa ngati zinc achepa. Kwa ife amene tili kuno kumudzi, kuitanitsa chigubu cha malita 5 kudutsa pa Mwanza miyezi isanu ndi umodzi iliyonse n'kodula, ndipo injini wamba ya 504 kapena Datsun imene masipuling'i a mavavu ndi ofewa, sithamanga ma revu a mpikisano, imakhala bwinobwino pa 20W-50 wabwino wa pa filling station.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani yonseyi si giredi, ndi oyilo wachinyengo. Chaka china ndinagula chigubu pa kashopu kena ka masipeya, mtengo unali wotsikirapo, chigubu chooneka chenicheni, dzina lodziwika. Nditafika kunyumba ndikuthira ndinaona mtundu wake ndi woderako, fungo ngati lopsa, koma ndinali nditakhuthula kale wakale uja ndipo mawa lake kunali ulendo wa kumaliro. Ndisanafike pa Ntcheu kanyale ka oyilo kanayamba kuphethira ndikaima. Ndinaima pa filling station, kugula malita 4 ena, kukhuthula pomwepo. Oyilo uja anatuluka ngati madzi akuda. Anthu ena amatola zigubu zopanda kanthu, kusefa oyilo wogwira kale ntchito, kuthiramo n'kutseka bwinobwino. Chichokereni tsiku limenelo ndimagula pa filling station yaikulu kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, ndimayang'ana chidindo cha pachivindikiro, ndipo chigubu changa chikatha ndimachiboola kuti wina asakachigwiritse ntchito popweteka mnzanga. Oyilo woyezera m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu, simudziwa kuti muli chiyani, injini ya galimoto imene masipeya ake akusowa musaiike pa chiswe chotero.

Za mankhwala oonjezera ndinene mwachidule. Aja olimba ngati uchi amabisa phokoso ndi utsi kwa kanthawi koma ma ring'i akatha atha, sabwerera. Botolo la zinc loonjezera limathandiza pa kamushafuti yatsopano, koma kuthira mosayeza n'koopsa chifukwa zinc akachuluka kwambiri amayamba kudya chitsulo chomwecho. Engine flush, mankhwala otsukira mkati mwa injini, pa injini yakale imene simukudziwa mbiri yake ine ndimakana, imagumula zibuma za litsiro n'kukatseka njira za oyilo. Ena amathira dizilo kapena parafini mu injini n'kuiliza kuti itsuke, chonde musatero, mabeyaling'i amakhala akuyenda opanda chowateteza. Kutsuka kwabwino ndi kusintha oyilo kawiri katatu motsatizana pa mtunda waufupi, kapena kumasula sampu yonse n'kuitsuka pamanja.

Tsopano kusinthako. Apanso pali zosankha: kupita ku galaja yaikulu, kwa makaniko wa pansi pa mtengo amene mumamudziwa, kapena kuchita nokha. Galaja yaikulu ili ndi zida koma anyamata ambiri a kumeneko anaphunzira pa magalimoto a kompyuta, ena sanaonepo fyuluta ya pepala ya m'chitini. Makaniko wachikulire amene anakulira pa ma Peugeot ndi ma Land Rover ndi chuma, ngati muli naye musamutaye, koma oyilo ndi fyuluta gulani nokha ndipo khalani pomwepo akamathira. Ine ndimachita ndekha Loweruka m'mawa, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma chifukwa ukagona pansi pa galimoto yako umaona zambiri, payipi imene yayamba kung'aluka, bauti imene yamasuka, pamene payamba kudontha. Pali enanso amene amapopa oyilo ndi kapayipi kudzera pa bowo la dipusitiki. N'zaukhondo, zachangu, koma pa galimoto yakale sindimakonda chifukwa matope olemera aja amakhala pansi penipeni ndipo amatuluka bwino pa bauti ya sampu, komanso mumataya mwayi woona chimene chatuluka.

Konzani zonse musanamasule kanthu: oyilo wokwanira, fyuluta yoyenera, wasa yatsopano ya kopa, sipanala yokwana bwino, beseni lalikulu, fanelo, sanza. 504 ya petulo imamwa pafupifupi malita 4, Land Rover ya 2.25 imafuna pafupifupi malita 7 ndi fyuluta yomwe, ndiye chigubu chimodzi sichikwana, Beetle ndi malita 2.5 okha. Magalimoto ambiri a ku France bauti ya sampu imakhala ndi bowo la makona anayi, imafuna kiyi yakeyake, yang'anani yanu kaye, musaikakamize ndi tchizulo. Yendetsani galimoto mphindi 10 kapena 15 kuti oyilo afunde, litsiro lisakanikirane, kenako zimitsani mudikire pang'ono kuti musapse. Imikani pamalo osalala, handibuleki, giya, miyala kumatayala. Land Rover ndi yaitali, mumalowa pansi popanda kukweza. Ngati yanu ikufuna kukwezedwa, jeke ndi yokwezera basi, ikani ma sitandi kapena zipika zolimba za mtengo musanalowetse mutu. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Anthu amafa pansi pa magalimoto chifukwa cha jeke, ndikunena izi ndi mtima wonse.

Tsegulani chivindikiro cha pamwamba kuti mpweya ulowe, masulani bauti, yomalizira ndi zala, ndipo chotsani dzanja msanga. Usiyeni oyilo adonthe mpaka asiye, olo mphindi 20, palibe chothamangira. Ndiye apa pali chinthu chimene ambiri amadumpha: yang'anani chimene chatuluka. Wakuda chabe palibe vuto, ndiye kuti wagwira ntchito yake. Akamanunkha petulo kwambiri ndipo ndi wamadzimadzi, kabureta ikuthira mopitirira, kapena choko imakakamira, kapena dayafulamu ya pampu ya petulo yabooka ndipo petulo akutsikira mu sampu, zimenezi zimachitika kwambiri pa mapampu akale a makanika. Akaoneka ngati tiyi wa mkaka ndiye kuti madzi alowa, gasiketi ya hedi, ndipo pa 504 kumbukirani kuti masilinda ake ndi ma liner ochotseka okhala m'madzi, masilo a pansi pake akatha madzi amatsikira mu oyilo. Mukaona tinthu tonyezimira ngati golide kapena siliva pansi pa beseni, mabeyaling'i akudyeka, musadikire kuti inoke.

Fyuluta zilipo mitundu iwiri. Yopota ija ya chitini ndi yosavuta: masulani, onetsetsani kuti labala yakale yatuluka nayo, pakani oyilo pang'ono pa labala yatsopano, mangani ndi dzanja lokha, ikagunda onjezerani theka kapena magawo atatu a anayi a kuzungulira kumodzi. Gulani ya dzina lodziwika ngati GUD, Fram kapena Mann, chifukwa mkati mwake muli kavavu koletsa oyilo kubwerera mu sampu galimoto ikazima, fyuluta yachinyengo kavavu kameneko kamakhala kosagwira ndipo m'mawa uliwonse injini imalira youma kwa masekondi angapo. Mtundu wachiwiri ndi wa pepala lolowetsa m'chitini chachitsulo chomangidwa ndi bauti yaitali, ngati pa Land Rover ya Series. Apa msampha uli pa kalabala kozungulira kamene kamakhala mumpata wa pamwamba. Kakale kamauma n'kukakamira mommo, sikaoneka, munthu amaika katsopano pamwamba pa kakale, akaliza injini oyilo yense amathawira pansi. Tengani kawaya kosongoka mukachotse, unikani ndi tochi kuti mutsimikize. Tsukani chitinicho, ndipo sipuling'i ndi wasa za mkati zibwerere mmene munazipezera, zikasowa oyilo amangodutsa m'mbali osasefedwa. Beetle ilibe fyuluta, ili ndi kasefa ka waya pansi pa mbale ya manati 6, mumakatsuka, kuika magasiketi awiri a pepala atsopano ndi mawasa a kopa, ndipo manati amenewo ndi aang'ono, mukamanga mwamphamvu amathyoka. Poti ilibe fyuluta komanso imazizira ndi mpweya, oyilo wake amavutika kwambiri kuposa wa ena onse, musamuchedwetse.

Bwezerani bauti ya sampu ndi wasa yatsopano, yambani ndi zala kuti mazinga asapingasane, kenako mangani ndi sipanala yaifupi mpaka igwire bwino, osaikapo payipi yoonjezera mphamvu. Thirani oyilo kusiya theka la lita, dikirani, yezani. Lizani injini osaponda moto, maso pa kanyale ka oyilo, kazime pasanathe masekondi ochepa, kakapanda kuzima zimitsani msanga. Suzumirani pansi muone ngati pakudontha pa fyuluta ndi pa bauti. Zimitsani, dikirani mphindi zisanu, yezaninso, onjezerani mpaka pa mzere wa pamwamba koma osapitirira. Oyilo wochuluka kulankishafuti imamumenya n'kuchita thovu, ndipo amakankha masilo.

Pa nkhani ya nthawi, ine lamulo langa ndi makilomita 5000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Ngati mumayenda kwambiri m'misewu ya fumbi, chilimwe chija pamene galimoto imabwera yofiira yonse, tsitsani kufika 3000 kapena 4000, ndipo tsiku lomwelo onani fyuluta ya mpweya. Land Rover ndi magalimoto ena akale ali ndi fyuluta ya mpweya ya oyilo, kabakuli kaja ka pansi, mumataya matope, kutsuka, kuthira oyilo watsopano mpaka pa mzere. Galimoto imene imangokhala pakhomo n'kutuluka Lamlungu lokha nayonso imafuna kusinthidwa, kamodzi pachaka pang'ono penipeni, chifukwa maulendo aafupi oyilo satentha mokwanira kuti chinyontho ndi petulo ziuluke, ndipo asidi amene amapangika amadya mabeyaling'i galimoto ili chiimire. Ngati mukuiimika miyezi ingapo, mwina nyengo yonse ya mvula, sinthani musanaiimike, igone ndi oyilo woyera. Lembani tsiku ndi makilomita m'kabuku kokhala m'galimoto momo, malume anga ankatero ndipo kabuku kawo ndikadali nako, ndimangopitiriza pamene anasiyira.

Oyilo wakuda uja muthireni m'chigubu chotseka bwino, musamutaye m'ngalande, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime, amalowa m'nthaka n'kukafika m'madzi amene ana athu akumwa. Ndikudziwa ambiri timapaka pa mitengo ya mpanda ndi pa mapaso kuopa chiswe, koma muli zitsulo ndi zotsalira za moto zimene si zabwino pakhungu, valani magolovesi kapena sambani ndi sopo mukangomaliza, ndipo m'khola la ziweto asafikemo. Funsani ku galaja yaikulu kapena pa filling station imene imachita sevisi, ambiri ali ndi mgolo wosungira oyilo wakale ndipo amalandira. Fyuluta yakale isiyeni chozondoka pa beseni usiku wonse idonthe, kenako muikulunge m'jumbo. Mawa lake m'mawa, musanalize galimoto, yalani katoni pansi pa injini, tulutsani dipusitiki muyezenso kachitatu, ndipo mukabwera ku ulendo woyamba suzumiraninso pa bauti ya sampu ndi pa fyuluta.